Zikomo abale anga, ngakhale sitinafike ku Nyumba ya Malamulo

Ndakhala chete masabata angapo, ena mpaka kumaimba foni kufunsa ngati ndadwala. Ayi ndili bwino, mtima wokha ndi umene umafuna kukhazikika kaye. Zotsatira za chisankho cha pa 16 September 2025 mukuzidziwa, mpando wa phungu sitinautenge, amene anapambana ndinawaimbira kale kuwafunira zabwino. Lero ndabwera kudzangothokoza basi.

Munandisankha ukhansala pa 21 May 2019 ndipo ndakutumikirani zaka 6, koma chimene chinandipangitsa kufuna uphungu ndi namondwe uja wa Freddy wa March 2023. Amene tili kuno ku Phalombe tikudziwa zimene tinaona, miyala ndi matope kutsika m'mapiri, anthu kugona m'makalasi, ine khansala ndikungoyenda ndi kope kulemba maina a anthu osowa pokhala koma mphamvu yoti ndiwamangire ngakhale kamlatho ndilibe. Usiku wina mayi wachikulire anandigwira dzanja pa kampu, osalankhula kanthu, kungondigwira basi. Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza kuti ndidzaima.

Ndiye ndalama zake zinali kuti? Bungwe loyendetsa zisankho la MEC linkafuna K1,250,000 kwa ife amayi kuti tipereke mapepala, ine ndinalibe. Amayi a banki mkhonde, inu ndinu anthu! Munasonkha ena K2,000 ena K5,000, wina anagulitsa nandolo wake, wina anabwera ndi nkhuku yamoyo ataimanga miyendo ndi luzi nkuti amayi gulitsani muonjezere. Ndinalira pamaso panu ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Anyamata a kabaza, nthawi ija mafuta akusowa mumagona pa mzere ku filing'i kuti mawa lake tikafike kumsonkhano, njinga ikatha mafuta panjira kumaikankha dzuwa likuswa mtengo, osadandaula. Achimwene amene tinagwa nawo pa mchenga mu August mwendo wanu nkuthyoka, sindinakuiwaleni, ndibwera ndithu sabata ino kudzakuonani. Anamwino amene munawasamalira usiku uja Mulungu akudalitseni.

Kampeni itayamba pa 14 July ndinanena poyera kuti ine sindigawa ndalama, lamulo likuletsa komanso ndilibe, ena anandiseka kuti mayi uyu akusewera. Koma mumabwerabe kumisonkhano, kukhala pansi pa mtengo wa mango kundifunsa mafunso ovuta, za mijigo yowonongeka, za feteleza, za atsikana athu amene akusiyira sukulu panjira. Mafumu athu, agulupu ndi anyakwawa, zikomo pondipatsa bwalo ngakhale ena ankati mkazi sangatsogolere. Mawu onyoza analipo, ena okhudza banja langa, amenewo ndawasiya m'manja mwa Mulungu.

Mamonita anga!! Munachezera usiku wonse kuwerenga mavoti ndi kuwala kwa nyali ndi matochi a pafoni, chakudya chake mandasi ndi thobwa, palibe anathawa pa senta. Mmodzi wa inu anandiimbira mbandakucha akulira kuti amayi zavuta, ndinachita kumutonthoza ndine.

Bambo akunyumba, munaphikira ana miyezi iwiri yathunthu, anzanu akukunenani ku bawo inu osatekeseka. Zikomo bambo. Ana anga pepani chifukwa cha masiku amene mumagona osandiona. A mpingo, mapemphero anu ndinkawamva m'thupi.

Amene simunandivotere sindikusungirani kanthu, tidzakumanabe pa maliro ndi pa chigayo ngati kale. Ukhansala ndatula koma kwathu ndi konkuno, ndipo nkhani yoti atimangire mlatho ndipita nayo kwa khansala watsopano ndi aphungu athu mpaka itheke.

Loweruka likubwerali masana tikumane kunyumba kwanga, tidye limodzi kaphala kochepa. Amene munatibwereka mapoto, mipando ndi chimkuzamawu chija bwerani mudzatenge, ndipo amene ndili nanu ngongole ya mafuta mubwere ndi kope lanu tiwerengetsane.