Mmene ndinapezera chilolezo chomanga nyumba ya matabwa m'mudzi wakale wa ku England

Chilolezo chatuluka tsopano, koma aliyense wofuna kumanga nyumba yamakono ya matabwa m'mudzi wakale wa ku England ayambe ndi nkhani ya mileme mapulani asanajambulidwe n'komwe. Pamalo athu panali shedi yakale yofunika kugwetsedwa, ndipo popeza mileme ndi malo ake ogona n'zotetezedwa ndi lamulo m'dzikoli, khonsolo inafuna lipoti la katswiri isanagamule chilichonse. Katswiriyo atapeza zitosi kudenga, anatiuza kuti ayenera kudzaonerera mileme ikutuluka madzulo, ndipo zimenezi zimachitika kuyambira Meyi mpaka Sepitembala, chifukwa nyengo yozizira mileme imakhala ili m'tulo. Ife tinali titapereka mafomu mu Okutobala.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti ndinali nditalipira kale ndalama kukhonsolo yomweyo kuti andilangize ndisanapereke mafomu, ndipo kalata imene ananditumizira inalongosola za kutalika kwa nyumba ndi za mawindo, koma za mileme sinatchule ngakhale liwu limodzi, chonsecho shediyo inali kuonekera bwinobwino pazithunzi zimene ndinawapatsa. Motero chigamulo chimene chimayenera kutuluka m'masabata 8 chinadikira dzinja lonse la kuno, ife tikulipira lendi kwina.

Mbali imene ndinkaiopa kwambiri ndi imene inayenda mosavuta. Mudziwu ndi dera lotetezedwa chifukwa cha mbiri yake, ndipo lamulo la 1990 limalamula khonsolo kuganizira mozama ngati chomangidwa chatsopano chikusunga kapena kukometsa maonekedwe a deralo. Wojambula mapulani wathu sanafune kuti nyumba inamizire kukhala yakale. Anayeza kupendekeka kwa madenga a m'mudzimo n'kukutsatira, anatsitsa msonga ya denga lathu kuti isapitirire ya oyandikana nafe, ndipo anasankha matabwa a mtengo wotchedwa larch oimika ndi osapaka penti, amene akamenyedwa ndi mvula ndi dzuwa amatuwa n'kufanana ndi makola akale a m'mafamu ozungulira. Mawindo aakulu anawaika kumbuyo koyang'ana kuminda, kumsewu n'kusiyako ang'onoang'ono. Mkulu woona zosunga nyumba zakale anangopempha kuti denga likhale la sileti (miyala yopyapyala yofolera nyumba) m'malo mwa malata, ndipo ndikuona kuti ananena zoona.

Ndisanaiwale, mitengo nayo ili ndi lamulo lake: m'dera lotere simungadule kapena kusadza mtengo wokulirapo musanadziwitse khonsolo masabata 6 pasadakhale. Oyandikana nanu amapatsidwa masiku 21 oti apereke maganizo awo, choncho ndi bwino kuwaonetsa mapulani nokha kalata ya khonsolo isanawapeze. Komanso khoma la matabwa likayandikira malire a malo osakwana mita imodzi, malamulo oteteza moto amakhwima, ndipo ife tinangosuntha nyumba yonse pang'ono.

Koma ndibwerezenso kuti ngati pamalo anu pali nyumba yakale, khola kapena mtengo wamphako, itanani katswiri wa mileme Meyi asanafike, kaya khonsolo yatchula kaya sinatchule. Chilolezo chimatha mphamvu pakapita zaka 3 ngati ntchito sinayambe, ndipo chathu chabwera ndi lamulo lakuti tiyambe taonetsa zitsanzo za matabwa ndi sileti kuti azivomereze, zimene zikufunanso fomu ina, ndalama zina ndi kudikira kwina.