Vuto silinali dzanja langa, kanali kaburashi

Kwa masabata asanu ndi limodzi ndakhala ndikudziimba mlandu kuti dzanja langa n'lolemera. Anzanga m'kalasi yophunzira zodzoladzola akapaka mascara, utoto wakuda wa nsidze uja, zimatuluka bwinobwino, koma ine ndikapaka, chikope chonse madonthomadontho akuda, nsidze zitagwirana zitatuzitatu ngati udzu wonyowa. Ndikati nsidze ndikunena za m'zikopezi, osati zapamwamba zomwe timalemba ndi pensulo. Zanga ndi zazifupi, zopindika kale zokha, ndipo za kukona yakunja zimapingasana.

Zoti osapopa kaburashi m'botolo, zoti mascara amatayidwa pakatha miyezi itatu, zoti kopindira nsidze kamayamba mascara asanafike, sindibwereza. Tonse tinazilemba tsiku loyamba.

Chomwe chanditsegula m'maso chachitika dzana usiku. Ndinatsuka timaburashi tiwiri takale ndi sopo kuti ndizipesera, n'kutiyanika patebulo pafupi ndi nyale. Kanali koyamba kuti nditione tili mbee, topanda utoto. Kamodzi n'kaja konenepa, ka waya wopota wokhala ndi ubweya wa nayiloni. Kena n'kowonda, kapulasitiki, mano ake aafupi ondondozana ngati chipeso. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti nkhani yonse ili m'mipata. Mascara sakhala pansonga za ubweyawo ayi, amakhala m'mipata ya pakati pake. Mpata ukakhala waukulu ndi wakuya, nsidze imalowa mpaka m'kati n'kutuluka itasenza utoto wambiri. Mano akakhala aafupi ndi oyandikana, nsidze iliyonse imadutsa m'kanjira kakekake, n'kutuluka itapesedwa, utoto uli wochepa.

Basi. Kaburashi kali ndi ntchito ziwiri, kusenza ndi kupesa, ndipo kalikonse kamapendekera mbali imodzi. Munthu wa nsidze zazitali ali ndi malo oyalapo katundu yense amene kaburashi konenepa kabweretsa. Ine ndilibe malowo. Utoto wotsala upita kuti? Pachikope. Komanso kaburashi konenepa sikangafike patsinde pa nsidze yaifupi kasanagunde khungu. Ndiye masabata onsewa ndimangopaka nsonga zokha, nsongazo n'kulemera, n'kumatirana.

Kenako ndinasuzumira m'kamwa mwa botolo. Muli kamphete kolimba komwe kamapukuta kaburashi potuluka. Kamphete kameneka ndi kamene kamagamula kuchuluka kwa utoto wotuluka, ndipo kamapukuta bwino m'mbali koma kunsonga kumatsala chibuluma. Chibuluma chimenechi n'chomwe chimandidetsa pakona ya m'kati pafupi ndi mphuno tsiku lililonse. Kungochipukutira pakathishu, vuto la masabata onsewa n'kutha. Ndinaseka ndekha m'chipinda.

Mutamvetsa za mipatazi, maonekedwe ena onse a timaburashi sakhalanso oloweza pamtima. Kopindika ngati uta kamatsatira mzere wa chikope, ndiye kamagwira nsidze zambiri nthawi imodzi n'kuzikankhira m'mwamba. N'kothandiza kwa amene zawo n'zowongoka zoloza pansi. Kosongoka kunsonga n'kofikira tinsidze ta m'makona. Kowonda kwambiri n'ka nsidze zam'munsi. Kaja kolowa m'chiuno pakati sindikakonda, kamandisiyira zambiri m'mbali, koma mnzanga wa maso aakulu amakatamanda.

Tsopano njira yanga, ndipo ndikuuzeni, sindikuona yoiposa. Kalilole pansi pa chibwano, maso kuyang'ana pansi. Kaburashi kowonda kapulasitiki ndikukaika patsinde penipeni, ndikukagwedeza pang'onopang'ono kumanzere ndi kumanja ndikuwerenga mpaka katatu, kenako ndikukakoka mowongoka osagwedezanso. Utoto wambiri umatsala patsinde, pomwe umachititsa kuti nsidze zioneke zothithikana, nsonga n'kukhala zopepuka. Zikadali zonyowa ndikudutsamo ndi kaburashi kouma koyera. Zopingasana za kukona ndimazilekanitsa ndi nsonga ya kaburashi nditakaimiritsa. Ndayesa pa ine, pa mchemwali wanga ndi pa mnzanga mmodzi, ndipo onse atatu zatuluka bwino. Ndikudziwa kuti anthu atatu si ambiri, koma pakali pano mukandifunsa ndinena kuti aliyense angotaya timaburashi tonenepato.

Chondiwawa n'choti zonsezi zikanatheka kunenedwa m'mphindi zisanu. Aphunzitsi athu anasonyeza kapakidwe ka mascara kamodzi kokha, pa mtsikana wa nsidze zazitali zoti ngakhale mutapaka ndi chala zikhoza kukongola. Nditafunsa chifukwa chomwe zanga zimamatirana, anangoti, "Muzichita mobwerezabwereza, dzanja lizolowera." Ndinabwerezadi, kubwereza cholakwa chomwecho. Maola ambiri anathera pa faundeshoni, zopaka pakhungu la nkhope, ndi kusakaniza mitundu, zomwe n'zofunika, sindikukana, koma maso anapatsidwa masana amodzi. Tinalembanso mbiri: kuti kampani ya Maybelline inatulutsa mascara a chibuluma chouma mu 1917, opaka ndi kaburashi konyowetsa, ndiponso kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 Helena Rubinstein, mayi wa bizinesi ya zodzoladzola, anabweretsa a m'botolo okhala ndi kandodo kachitsulo ka mizeremizere. Ndinaloweza kuti ndikhoze mayeso. Palibe anatiuza kuti mizere ya pakandodo kaja inali kugwira ntchito yomweyi ya mipata, kusunga utoto kuti nsidze idutsemo. Mbiriyo ikanakhala ndi phindu pompo.

Mwina ndikuwalakwira. Tilipo ambiri, nthawi n'njochepa, ndipo mwina iwo dzanja linazolowera kalekale moti saganizanso zomwe likuchita.

Pali pamene pakundisokonezabe. Pa kasitomala sitigwiritsa ntchito kaburashi ka m'botolo, timatenga timaburashi totaya tikangogwiritsa ntchito, diso lililonse kakekake, osakabwezeranso m'botolo, kuopa kufalitsa matenda a maso. Totayato timabwera m'mitundu ingapo, koma sitinapangidwe molingana ndi kamphete ka botolo lililonse. M'botolo lina kowonda kamatuluka katasenza mopitirira, m'botolo lina kamatuluka pafupifupi kouma. Ndiye zomwe ndaphunzira pa nkhope yanga zikagwira chimodzimodzi pa mpando wa kasitomala?

Ndiponso usiku womwe zinanditheka uja, botolo linali latsopano, utoto wake wofewa, pamene lomwe ndimalimbana nalo masabata onsewa linali litayamba kuuma. Ndimafuna kukhulupirira kuti kaburashi ndi kamene kasintha zinthu, ndipo mtima wanga ukuti n'zoona, koma ndinasintha zinthu ziwiri tsiku limodzi. Loweruka ndiviika kaburashi konenepa kotsuka kaja m'botolo latsopanoli, diso limodzi ndipake ndi konenepako, linalo ndi kowonda. Kakapambana kapena kakalingana ndi kowonda, sindikudziwa kuti ndiwauza chiyani anzanga awiri omwe ndawakakamiza kale kusintha.