Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Diripi Itasiya Kugwira

Zikomo nonse amene munandilembera pa gawo lapitali, makamaka mayi aja a ku Luchenza amene anati nawonso anadwazikapo matenda omwewa. Munafunsa kuti bambo anga zinawathera bwanji ndi khansa ija. Ndakhala ndikuzengereza, koma lero ndinena.

Mukukumbukira miyezi 6 ija anamwa mankhwala a TB chifuwa osasintha. Ku Blantyre ndi kumene anawapeza ndi khansa ya m'mapapo, mtundu umene madokotala amati small cell. Anayamba kuwaika diripi ya cisplatin ndi etoposide milungu itatu iliyonse. Atalandira kachiwiri, bambo anadzuka. Mpaka lero ndimawaona atakhala pakhonde kwathu ku Bvumbwe, mutu uli mbee wopanda tsitsi, akusenda nthochi ndi zala zonjenjemera, n'kuitana kuti, "Amake ana, nsima ija yatsalako?" Mayi anathawira kukhitchini kukalira. Ine ndinagwada pomwepo kuthokoza Mulungu.

Mvula yoyamba isanagwe, chifuwa chinabwerera. Diripi yake yomweyo, koma nthenda osaimvanso.

Malume, ndikudziwa mumawerenga. Pasiwa munanena pagulu kuti ndinamwaza ndalama za feteleza pa mankhwala abodza m'malo mopita kwa sing'anga. Ndinangowerama chifukwa ndinalibe yankho. Zaka 5 zinadutsa, ndinapita kukaphunzira za labotale, ndipo yankho ndili nalo tsopano.

Thupi limapangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo likawonongeka kwambiri limadzipha lokha, ndiyo amati apoptosis. Cisplatin amawononga DNA, yomwe imasunga malangizo oyendetsera selo, kuti selo la khansa lichite zimenezi. Puloteni yotchedwa p53 ndiye mlonda wokuwa kuti kwaipa, ndipo mapuloteni ena otchedwa BAX ndi BAK amaboola mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'selo, kuti selo life. Koma pa khansa ya bambo ija, p53 amakhala wowonongeka pafupifupi mwa wodwala aliyense, pomwe puloteni ina, BCL-2, amene ntchito yake ndi kumanga manja BAX, nthawi zambiri amakhala wochuluka. Diripi inapha maselo amene ankamvabe kuitana kwa imfa. Ochepa okanika aja anatsala n'kuswana, ngati kapinga amene amaphukanso m'munda mutapalira bwinobwino.

Mankhwala aja sanali abodza, malume. Anatipatsa miyezi imene bambo anadya nsima, n'kuyenda okha mpaka kutchalitchi. Sindinong'oneza bondo ngakhale tambala imodzi.

Usiku womaliza anandipempha kuti nditsegule zenera. Kunali chiperoni, koma ndinatsegula.