Kukhala New Jersey, kugwira ntchito New York: msonkho upita kuti?

Pa zonse zokhudza misonkho ya ku America, mutu uwu ndiwo umafunika kuubwereza kawiri. Kwathu abwana akadula PAYE ndi kupereka ku MRA, zambiri zatha. Ku America, bungwe la misonkho la IRS limatolera msonkho wa boma lalikulu basi, chigawo (state) chilichonse chili ndi malamulo akeake. Nthawi zambiri, chigawo chimene mukukhala chimadula msonkho pa ndalama zanu zonse, kaya mwazipeza kuti. Chimene mukugwirako ntchito chimadula pa zomwe mwapeza m'dera lake.

Tiyerekeze munthu wokhala ku Newark, m'chigawo cha New Jersey, koma ntchito ku Manhattan, ku New York. Ayambe ndi fomu ya New York ya anthu osakhala kumeneko, IT-203, kenako ya New Jersey ya anthu okhala kumeneko, NJ-1040. Chifukwa chake n'chakuti New Jersey imamuchotsera msonkho umene walipira ku New York, ndiye ayenera kudziwa kaye kuchuluka kwake. Koma kuchotserako kuli ndi malire. Ngati New York yatenga $4,000 pamene New Jersey ikanatenga $3,200 pa malipiro omwewo, adzachotseredwa $3,200 yokha. $800 yotsalayo sibwerera.

Zigawo zina zili ndi mgwirizano woti munthu azilipira kumene amakhala kokha, monga New Jersey ndi Pennsylvania. Apa ambiri amapunthwa. Wokhala ku New Jersey wogwira ntchito ku Pennsylvania ayenera kupatsa abwana fomu ya REV-419. Akapanda kutero, Pennsylvania imadulabe, iye n'kumadikira kubwezeredwa pamene New Jersey ikufuna zake. Pakati pa New York ndi New Jersey mgwirizano wotere palibe.

Masiku nawo amawerengedwa. Ngati muli ndi nyumba yokhalamo ku New York ndipo mwakhalako masiku oposa 183 pa chaka, amakutengani ngati nzika yakumeneko ngakhale kwanu kwenikweni kuli kwina. Kungolowa masana n'kutuluka madzulo, limenelo ndi tsiku lathunthu. Malisiti, matikiti a ulendo ndi kalendala ndiwo umboni wanu.

Chimene chimadabwitsa kwambiri ndi cha ogwirira ntchito kunyumba. Texas ndi Florida sadula msonkho pa malipiro, koma ngati ofesi yanu ili ku New York ndipo mukugwirira ku Florida mwa kufuna kwanu, osati chifukwa abwana akufunikira zimenezo, New York imawerenga masikuwo ngati munali mu ofesi. Lamulo limeneli ndi lowuma, ndipo popeza Florida siitenga kanthu, palibe pochotsera.

Mukasamuka pakati pa chaka, mumalemba fomu ya wokhala gawo la chaka m'zigawo zonse ziwiri, n'kugawa malipiro potengera tsiku losamukira. Musangokopera bokosi 16 la W-2, fomu ya malipiro a chaka yochokera kwa abwana: ku New York abwana amalembamo malipiro a chaka chonse, ndiye kugawako muchite nokha pa IT-203.