Zikomo nonse amene munaima nafe pa kudwala kwa mwana wathu

Abale ndi alongo, mwana wathu watuluka m'chipatala ndipo tili naye kunyumba kuno ku Chilomoni. Akuyamwa bwino, bala la pamimba lapola. Ine ndi mayi ake tagwirizana kuti tisakhale chete.

Ambiri munangomva kuti wabadwa masiku asanakwane, koma nkhani inali yaikulu kuposa pamenepo. Anabadwa pakati pali pa miyezi isanu ndi itatu, matumbo ali kunja, atatulukira pa kabowo ka pambali pa mchombo. Madokotala amati gastroschisis. Anatifotokozera kuti khoma la mimba ya mwana silitsekeka bwino pamene akuumbika, ndipo ana otere kawirikawiri amabadwa msanga, ali ochepa thupi. Matumbo akakhala pamtunda amataya madzi ndi kutentha mofulumira, majeremusi nawo salowa movutikira. Tsono ganizani khanda losakwana masiku, lomwe kale silichedwa kuzizidwa.

Ndiye woyamba kumuthokoza ndi namwino wa pachipatala chaching'ono chomwe mayi ake anachilira. Mayi inu simunanjenjemere. Munakulunga matumbo aja m'pulasitiki yoyera, kumufunditsa, kumuika diripi ndi kachubu ka m'mphuno, n'kuitanitsa ambulansi ya ku Queens nthawi yomweyo. Madokotala anatiuza kuti zimene munachita pa ola loyamba lija ndi zomwe zinamufikitsa wamoyo. Mulungu akudalitseni, amayi.

Ku Mercy James Centre, chipatala cha maopaleshoni a ana cha ku Queens komweko chomwe chinatsegulidwa mu 2017, n'komwe ndinaphunzira kudekha. Ine ndinkafuna angobwezera matumbo n'kusoka tsiku lomwelo. Anandiuza kuti kamimba kake n'kochepa, kuwakankhira onse pakamodzi kungamupanikize mpaka kulephera kupuma. Anawaika m'kathumba kotchedwa silo, n'kumawalowetsa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku mpaka onse analowa, kenaka n'kutseka. Titaganiza kuti zatha, kunabwera nkhondo ya kudya. Matumbo ake anachedwa kuyamba kugwira ntchito, ankasanza zobiriwira, ndipo mkaka umene mayi ake ankafinyira m'kapu ankamupatsa timadontho chabe. Anamwino a usiku, inu amene munkadzutsa mayi ake kuti afinye ngakhale atatopa bwanji, ndi kuwalimbitsa mtima akamalira, sitidzakuiwalani. Chimodzimodzi amene munatiphunzitsa kangaroo, kumuika mwana pachifuwa khungu kukhudza khungu. Nanenso bambo ndinamunyamula choncho, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Apongozi anga anasiya munda kumudzi n'kudzagona kuchitando ngati gadiyani. Amayi a Mvano sanatope kutibweretsera ufa, makala ndi mapemphero. Anzanga a mumsika wa Limbe munasonkha ndalama ya mayendedwe, benchi yanga n'kumandigulitsirapo. Ndi inu osadziwika amene mumapereka magazi ku MBTS, bungwe losonkhanitsa magazi m'dziko muno, mwana wathu analandira nawo magazi anuwo.

Analipo onong'ona kuti ndi zamatsenga, ena kuti mayi ake analakwira mwambo. Zinatipweteka kwambiri, makamaka mayi akewo. Madokotala anatitsimikizira kuti palibe chimene analakwitsa, ndipo tikupempha nkhani imeneyo ithere pomwepo.

Tikupitirizabe kupita naye ku sikelo ndi kukaonana ndi madokotala a opaleshoni. Ofuna kudzamuona bwerani, khomo n'lotsegula. Chonde musambe m'manja musanamunyamule, ndipo amene muli ndi chimfine kapena chifuwa muyambe mwachira kaye.