Kamzere kothawira kumapeto

Lachitatu usiku.

Tsiku lonse lathera pa kabokosi kamodzi ka pasikirini kolembamo ndalama. M'mawa ndinali ku Limbe, kusitolo ya zipangizo zomangira komwe amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yomwe ndinawalembera mu JavaFX, chida chopangira mapulogalamu. Sabata yatha mayi wa pakauntala analemba 1500000 m'malo mwa 150000 pa lisiti ya malata. Ine sindinawaimbe mlandu. Maziro akandondozana opanda mpatuliro diso limasokonezeka, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya malata ndi simenti ndi maziro okhaokha. Choncho ndinakonza kuti mipatuliro izilowa yokha munthu akamalemba.

Ndisanakhale n'komwe pansi, anandikodola. "Achimwene, tabwerani muone zomwe chikuchita chinthu chanuchi."

Analemba 1,250,000. Kenako anabwerera kuti 2 uja akhale 3. Atangomufufuta, cursor, kamzere kophethiraphethira kaja, kanathawira kumapeto, iwo maso ali pa kapepala ka kasitomala. Atadina 3, pasikirini panatuluka 1,500,003. Thukuta linandituluka. Cholakwa chinali changa: nambala ikasintha pang'ono ndinkailemba yonse kachiwiri ndi setText, lamulo lolembera mawu m'kabokosi, kamzereko n'kutaya malo ake.

Ndinakhala pa thumba la simenti kuseri kwa kauntala, laputopu pamiyendo, mpaka nthawi ya nsima inandipitirira. Ndinasamutsira zonse mu TextFormatter, yemwe amagwira chimene munthu wadina chisanaonekere. Nzeru yake ndi yochepa, koma inachedwa kundifikira. Osawerenga malo a kamzere pamodzi ndi mipatuliro, chifukwa mipatuliroyo imabwera n'kuchoka. Werenga manambala okha amene ali kumanzere kwake, konza mipatuliro, ukatero kabwezere patsogolo pa manambala omwewo. Nanga munthu akadina Backspace kamzere kali pa mpatuliro? Poyamba mpatulirowo unkafufutika n'kubwereranso pompo, ngati batani lafa. Tsopano imachoka ndi nambala ya kumanzere kwake, poti dzanja linkafuna imeneyo.

Ndili momwemo ndinachotsanso double, mtundu wa nambala wa m'pulogalamu, pamalo awiri pomwe ndinamuiwala. Iyeyu ukamupatsa 0.1 ndi 0.2 amakubwezera 0.30000000000000004, ndipo ndalama za eni ake sizisungidwa choncho. BigDecimal, mtundu wina wosunga manambala ndendende, walowa m'malo mwake. Tambala sitimuonanso pamsika, koma powerengera VAT amatulukira ndithu.

Cha m'ma 4 koloko mayi aja anakhalanso pampando. Analemba, kufufuta pakati, kulembanso, zala zikuthamanga monga amachitira mzere ukatalika. Kamzere kanakhala pomwe anakasiya. Sanayankhule kanthu, anangoitana kasitomala wotsatira, bambo wofuna misomali ya mainchesi anayi.

Mawa ndibwereranso. Abwana awo amakonda kukopera mitengo ku Excel, yokhala ndi MK kutsogolo, ndipo kabokosi kanga kakuikana.