Boti la ndalama za kachewere

Ine ndine mwana wa kumapiri. Kwathu ku Bembeke madzi timadziwa a m'ndowa ndi a kudimba basi. Nyanja timaionera patali tikamatsika Khwekhwerere, ili phee ngati lata latsopano, mtima n'kumanama kuti ndi yofatsa.

Chaka chimenecho kachewere anandikomera. Nditangogulitsa matumba omaliza kwa mavenda a ku Lilongwe, alamu anga a ku Mtakataka anaimba foni. "Alamu, ndalama ya mbatata sigona m'nyumba. Kuno kuli boti la injini likugulitsidwa. Alendo akamaliza kuona za Gule Wamkulu ku Mua amafuna kamphepo ka kunyanja. Muziwayendetsa, inunso muzidyerera." Ndinagula osaliona. Chithunzi cha pa WhatsApp anajambula mbali yokhayo imene penti inali isanakoboke.

Patatha sabata anaimbanso, mawu ali pansipansi ngati akulengeza maliro. "Malamulo asintha. Zongokwera n'kumapita zija zinatha. Boti lilembetsedwe, aliyeze, mukhale majekete oyandamitsa, woyendetsanso akhale ndi pepala." Ndinati pepala ndili nalo, laisensi ya njinga yamoto. Anaseka mpaka mayunitsi kutha. Madzulo anaflasha, ndinaimba ndine. "Ndinaiwala chachikulu. Akuti mwini boti azisambira iwo akuona."

Kumene anazimva, mpaka lero sananene.

Munali mu June. Amene anagonapo ku Dedza mwezi umenewu akudziwa kuti ngakhale galu safuna kuchoka paphulusa. Koma ndalama zinali zitapita kale, ndiye m'mamawa nkhungu ili tolo ndinatsikira kudziwe lomwe timathirira kabichi. Ndinatenga zigubu ziwiri za malita 20, n'kuzimanga ndi linya m'chiuno. Nzeru imeneyi inali yangayanga, alamu ndisawanamizire. Chimene sindinaganize n'choti chigubu chimayandamitsa pamene wachimanga pomwepo. Nditadziponya, chiuno chinakwera kumwamba, mutu unapita kukaona achule. Ndinamwa madzi okwana kuthirira bedi lonse la anyezi.

Anandivuula ndi mayi a kunyumba, pondikola ndi khasu pa linya paja. Ana opita kusukulu anali ataima pamzere, ena mpaka kuwomba m'manja. Mayiwo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Bambo, boti lija mwati lili ndi denga? Chifukwa mukapitiriza zimenezi muzikagona momwemo."

Chimfine chinandigwira masabata awiri. Chitatha ndinadzera pa Golomoti mpaka ku Monkey Bay, kwawo kwa Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951. Ndinaiyang'ana ngati mnzanga pantchito. Mu ofesi yolembetsera maboti munali bambo wina waulemu wake. Anafunsa kutalika kwa boti, mphamvu ya injini, ndi anthu amene limanyamula. Zonsezo ndinayankha kuti alamu ndiwo akudziwa. Poona kuti mayeso akundivuta, ndinati ndiwinire kwina. Ndinaimirira n'kuyamba kumasula mabatani.

"Bwana, ndisambire pompano kapena mukonza tsiku?"

Anavula magalasi. "Bambo, valani malaya. Muno ndi mu ofesi." Anati iwo akufuna aone kaye botilo, ndipo tinapangana tsiku.

Tsikulo mwera unadzuka nawo m'mawa. Asodzi anali atakokera mabwato awo kumtunda, akusoka maukonde, akutiyang'ana mwa chifundo. M'pamene ndinaliona boti langa mbali inayo. Panali chigamba cha lata la mafuta ophikira, dzina la kampani likuwerengeka bwinobwino. Alamu anati n'zokongoletsa.

Ndinavala jekete, anyamata anatikankha. Injini inatsokomola kawiri ngati ine ndi chimfine chija, kachitatu inangoti zii. Funde linamenya, madzi anayamba kulowera pachigamba, nsapato zanga za kutchalitchi zikuyandama. Ndinakumbukira achule a ku Bembeke. Ndinakuwa kuti, "Mayo, ndafa ine! Alamu, ana anga muwalere!" Ndinatsinzina, n'kudziponya m'nyanja ya Malawi.

Ndinatera chokhala pamchenga. Madzi analekeza m'mimba, ndipo nditaimirira anali m'mawondo. Kamtsikana kena kamene kankatsuka mbale kanabwera, kanandigwira dzanja. "Agogo, tiyeni, kumtunda ndi uku."

Bambo wa mu ofesi uja analemba kwa nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Atamaliza anandipatsa pepala la zoti tikonze, lodzaza kuseri ndi kuseri. Ndinafunsa ngati pali chimene chakhoza.

"Jekete," anatero. "Jeketelo ndi labwino kwambiri."

Boti lili kuseri kwa nyumba ya alamu, nkhuku zawo zikuikiramo. Mayi a kunyumba amaimba foni Loweruka lililonse kufunsa mazira, akuti gawo lathu lizibwera pa minibasi.